Mpando wa Tsabola

Galu wa Zione Chimphamba anayamba kubweza chakudya mu Seputembala, dzuwa la ku Karonga litayamba kale kuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Poyamba Zione sanade nkhawa. Galu ndi galu: amatola zimene watola kudzala, n'kusanza, mawa lake ali bwinobwino akuthamangitsa nkhuku za eni. Koma Tsabola sankasanza monga asanzira agalu ena. Sankadzikoka m'mimba kapena kuvutika. Ankangoweramitsa mutu, chakudya n'kutuluka chonse monga chinalowera, iye n'kumachiyang'ana modabwa ngati wachiika pamenepo ndi wina.

Zione anali namwino komanso mzamba pachipatala china chaching'ono kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Wovwe. Kwawo kunali ku Dowa. Boma ndi limene linamuponya ku Karonga zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, kalata m'manja, Chitumbuka osachidziwa, Chinkhonde ndiye osanena n'komwe. Kuntchito anthu ankamulankhula Chichewa, iye n'kumamva bwino. Koma akangotembenuka kukatenga jakisoni, ankabwerera ku chinenero chawo n'kumaseka, ndipo munthu ukakhala mlendo, kuseka kulikonse kumene sukukumva umayesa akuseka iwe. Mwezi wake wachiwiri anatola kagalu kofiirira pamsika wa pa Uliwa, kali mbuu ndi fumbi pansi pa benchi ya wogulitsa tomato. Anakatcha Tsabola chifukwa cha mtundu wake ndi ukali wake wabodza. Kuyambira tsiku limenelo, m'nyumba yake ya lendi munali wina womuuza zonse m'Chichewa cha ku Dowa chenicheni: za odwala ovuta, za kutentha, za mwamuna amene analonjeza kumutsatira kumpoto koma n'kukakwatira wina ku Mponela. Tsabola ankamvetsera mutu uli paphazi la mbuye wake, ndipo sanakaululepo kwa munthu.

Pofika Okutobala nthiti zake zinkawerengeka munthu uli patali. Njala anali nayo, mwinanso kuposa kale. Ankathamangira mbale mchira uli gwedegwede, n'kudya mwaphuma, koma pakapita kanthawi zonse zili pansi. Zione anampatsa mankhwala a njoka za m'mimba, anayesa phala, anayesa mkaka, koma kunali kutungira madzi m'dengu. Pomaliza anaitana a Elliot Kayira, mlangizi wa ziweto wa m'deralo.

A Kayira anali munthu wa ng'ombe. Nkhupakupa, chigodola, ng'ombe yolephera kubereka, zimenezo ankazidziwa ngati dzina lawo. Agalu ankangokumana nawo pa katemera wa chiwewe. Anamuyang'ana Tsabola m'kamwa, anamupapasa pamimba, anadzikanda m'mutu, kenako anachita chinthu chimene anthu ophunzira ambiri chimawakanika: anavomera kuti sakudziwa. Anajambula galuyo pafoni akudya mpaka kubweza, n'kutumiza kwa mphunzitsi wawo wakale ku Lilongwe.

Yankho linatenga sabata. A Kayira anabwera nalo okha panjinga yamoto m'malo moimba foni, ndipo zimenezo zinamuuziratu Zione kuti nkhani si yabwino. Anati mmero wa galuyo, njira imene chakudya chimatsikira, walefuka n'kutambasuka ngati sokosi yotha mphira, kotero chakudya sichifika m'mimba, chimangounjikana pachifuwa mpaka kubwerera. Anati matendawa ndi osowa kwambiri. Iwo chiyambireni ntchito anali asanawaonepo. Mankhwala ochiza panalibe. Choopsa chachikulu chinali chakuti chakudya chobwereracho chikalowa m'mapapo, chibayo chake sichichedwa kupha. Njira inali imodzi yokha: galuyo asadyenso kapena kumwa ali wowerama. Azidya ali chilili ngati munthu, ndipo akatha azikhala choncho theka la ola kuti chakudya chitsike ndi kulemera kwake.

"Sista, ndinene chilungamo," anatero a Kayira akuyang'ana chipewa chawo. "Anthu ambiri akanangoti ndimubaye jakisoni apumule. Palibe angakunyozeni."

"Ine ndimadikira mwana kubadwa tsiku lathunthu, a Kayira," anayankha Zione. "Theka la ola si kanthu."

Loweruka lotsatira anapita kwa kalipentala wa pa Uliwa ndi chojambula chake papepala: kampando kakatali, kopanikiza m'mbali, kokhala ndi thabwa kutsogolo loikapo manja ndi mbale. Kalipentalayo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mwachifundo ngati mwanayo anabadwa wolumala kapena analumala atakula. Zione sanavomere, koma sanakanenso. Bamboyo anaupala mpandowo mpaka kusalala kuti zisongole za thabwa zisabaye mwana, ndipo poupereka analonjeza kuti akamupempherera. Zione anaukulunga m'zitenje ziwiri, n'kuukweza pakabaza, mtima ukumutsutsa njira yonse.

Masiku oyamba inali nkhondo. Tsabola ankapalapata, ankalira, mbale inkagubuduka. Koma njala ndi mphunzitsi waluso. Pasanathe milungu iwiri galuyo ankati akaona mbuye wake akuumba timibulu ta phala lolimba losakaniza ndi usipa wosinja, ankalowa yekha mumpandomo chafutambuyo, n'kuika miyendo yakutsogolo pathabwa, makutu ali njo, nkhope ili ngati ya kalaliki wodikira anthu pawindo. Zione ankamupatsa kamodzikamodzi ndi dzanja. Madzi ankamumwetsa ndi sirinji. Kenako ankakhala pansi pafupi naye theka la ola lija, akumusisita pakhosi ndi kumuimbira nyimbo za kwaya za kwawo. M'mawa asanapite kuntchito, masana pa nthawi yopuma, madzulo akaweruka, tsiku ndi tsiku. Chakudya chinayamba kukhazikika. Nthiti sizinabisike zonse, koma Tsabola anayambanso kuuwa njinga zodutsa pamsewu, ndipo Zione anasangalala ndi kuuwako kuposa mmene anasangalalira ndi china chilichonse chaka chimenecho.

Koma zonsezi zinkachitika chitseko chili chotseka, makatani atakokedwa. Tisafulumire kumuseka Zione. Taganizirani mkazi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, wopanda mwamuna, wopanda mwana, wochokera kutali, amene amakhazika galu pampando n'kumamudyetsa ndi dzanja akumuimbira. Ndiyeno mkazi yemweyo ndi amene amayamba kugwira mwana aliyense wobadwa m'deralo. Pakamwa pa anthu sipachedwa. Zione ankadziwa kuti ikangotuluka mbiri yakuti Sista ali ndi zake zimene amaweta m'nyumba, amayi oyembekezera ayamba kuchilambalala chipatala. Mantha amenewa anali ndi maziko. Koma pansi pake panali china chocheperapo, chimene iye mwini sankafuna kuchiyang'ana: ankachita manyazi kuti anthu adziwe kuti chinthu chimene amachikonda koposa padziko pano ndi galu.

Kuseri kwa mpanda wa bango kunkakhala amayi Yunike Mwakibinga, amene aliyense ankawatchula kuti amake Ipyana. Anali mayi wamasiye, wolima mpunga kusikimu, wa mawu okweza ndi dzanja lotambasuka. Anali mtundu wa anthu amene ukawakanira chakudya amadwala. Zione atangofika kumene, iwo ndi amene anamuphunzitsa kuphika nthochi ndi nyama, ndipo Tsabola anakula akudya makombo awo kudzera pabowo la mpanda. Tsono matenda atadziwika, Zione anatseka bowolo, n'kuwauza mwaulemu wonse kuti chonde asamamupatsenso galuyo chakudya. Chifukwa chake sananene.

Kulikonse m'dziko muno, ukauza mnansi wako kuti asadyetse chiweto chako popanda kunena chifukwa, iye amamva chinthu chimodzi: ukumuganizira kuti athira mankhwala. Amake Ipyana anangoti chabwino, koma kuyambira pamenepo moni wawo unafupika. Tsiku lina anafunsa pampanda chifukwa chimene galuyo waondera chotero, Zione n'kuyankha kuti ali pa mankhwala, basi. Iwo anayang'ana nthiti zija, anayang'ana Zione, n'kubwerera kumphika wawo. Miyezi isanu ndi iwiri inatha choncho.

Mu Meyi anthu anayamba kumweta mpunga. Lachiwiri lina m'mawa, Zione akungoyamba kusinja usipa wa Tsabola, anamuitana mwachangu kuchipatala: mtsikana wina amene anachira usiku anali kutaya magazi osaleka. Anamangirira galuyo patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, poganiza kuti abwerako pasanathe ola. Magazi sanaleke. Pofika naini koloko anali mu ambulansi yopita ku Boma, dzanja limodzi lili pamimba pa mtsikanayo, lina litakweza botolo la diripi. Anafika naye ali moyo, ndipo madokotala anamupulumutsa. Koma sabata imeneyo mafuta a galimoto anali atasowa. Ambulansi inakaima pamzere, maminibasi nawo anali pamzere womwewo, ndipo pofika madzulo zinaonekeratu kuti Zione agona ku Boma.

Anaimbira foni amake Ipyana ataima mukhonde la chipatala, anamwino anzake awiri ali pambali pake akudya chinangwa chokazinga.

"Sista, muli kuti?" anatero mayiwo asanapereke n'komwe moni. "Imbwa yanu iyi ikulira chomene, kuyambira m'mawa. Mtima wanga ukuwawa ine."

Zione ankadziwa zoyenera kunena. Kiyi ali pansi pa mwala wapakhomo. Mpando uli kuchipinda. Mumukhazike momwemo, mumupatse pang'onopang'ono, mudikire theka la ola. Mawu ochepa chabe. Koma anaona m'maganizo mwake amake Ipyana akutsegula chitseko n'kupeza mpando uja, anaona nkhaniyo ikuyenda m'minda ya mpunga kuchokera pandime ina kupita pa ina, ndipo anaona anzake awiri aja atasiya kutafuna kuti amve bwino. Anadziuza kuti galu safa ndi njala ya tsiku limodzi.

"Musamupatse kanthu, chonde. Ndibwera mawa."

Amake Ipyana anafunsanso ngati sanamve bwino.

"Olo madzi, Sista?"

"Olo madzi."

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una. Koma pano mbewa ya manyaziyo inagona ku Boma ili moyo, ndipo wolipira manyazi ake anali womangidwa patsinde pa mango.

Anafika Lachitatu masana, pamwamba pa lole ya simenti. Tsabola anamulandira ndi chimwemwe chonse, akudumpha mpaka chingwe kumukoka pakhosi, koma pakati pa kudumphako anatsokomola, chifuwa chonyowa chochokera pansi. Zione anayang'ana patsinde pa mtengowo. Panali malo atatu pamene ntchentche zinaunjikana, ndipo pamalo onsewo panali mpunga woyera wa maso aataliatali, wosagayika, wosakanizika ndi chambiko, mkaka wowawasa uja anthu a kuno amaukonda. Mpunga watsopano wa Kilombero subisika. Anayang'ana kumpanda, koma kuseriko kunalibe munthu. Onse anali kumunda.

Lachinayi m'mawa galuyo anali wotentha thupi, mamina akutuluka m'mphuno. Zione anaika chopimira chake pachifuwa pa galuyo n'kumva phokoso limene ankalidziwa bwino kwambiri, lija amalimva mwa ana amene makolo awo abwera nawo mochedwa. A Kayira anabwera n'kubaya jakisoni, ndipo anabweranso madzulo n'kubaya wina. Sanalonjeze kanthu. Lachisanu Tsabola anayesa kulowa mumpando wake atamva fungo la usipa, koma miyendo yakumbuyo inamukana, n'kugwera chammbali. Zione anapempha mnzake kuti amugwirire ntchito, n'kunama kuti wadwala malungo. Masiku awiri amenewo anawathera pamkeka, atatsamira khoma, galuyo atamukumbatira chilili pachifuwa pake chifukwa ndi mmene ankapumirako bwino. Ndipo nthawi yonseyo mumtima mwake ankakonza mawu okawauza amake Ipyana. Anawakonza, anawanola, anawabwereza. Mkwiyo unali wopepuka kuunyamula kusiyana ndi kudziimba mlandu yekha.

Tsabola anafa Loweruka masana, kunja kukumveka phokoso la anthu opuntha mpunga. Sanavutike kwambiri pomaliza. Kupuma kunangotalikirana, kutalikirana, kenako Zione anazindikira kuti akudikira mpweya umene sukubweranso. Anakhala naye choncho mpaka manja anachita dzanzi. Analira mmene anali asanalirepo chifikireni ku Karonga, kulira kopanda mawu kwa munthu amene akudziwa kuti maliro ake palibe amene angawamvetse.

Dzuwa litapendeka anamukulunga m'chitenje, natenga khasu n'kupita kuseri kwa nyumba. Nthaka inali youma gwa, ndipo manja a namwino sanazolowere mpini. Atakumba pang'ono chabe anamva bango la mpanda likuphwanyika. Amake Ipyana analowa ndi khasu lawo, mankhusu a mpunga adakali m'tsitsi. Sanapereke moni. Anayang'ana chitenje chija, anamukankhira Zione pambali ndi chigongono, n'kuyamba kukumba. Anakumba dzenje lakuya, loongoka bwino m'mbali, lakuya kuposa limene munthu angakumbire galu. Anamuika awiriwo, n'kukwirira.

Atatha, mayiwo sanapite. Anapita pakhonde, navula masilipasi, nakhala pansi atatambasula miyendo, manja ali pamiyendo, mutu atazyolika. Zione anakudziwa kukhala kumeneko. Ndi mmene amayi amakhalira pasiwa.

"Ndagha, Sista," anatero motsitsa mawu. "Pepani."

Mawu onse aja amene Zione anawanola masiku awiri anamuthawa. Chitseko chinali chotsegula, makatani osakoka, ndipo mpando uja unali poonekera pakati pa balaza. Anaona maso a amake Ipyana atafika pamenepo. Ndiye anakhala pansi pambali pawo n'kuwauza zonse: za mmero, za a Kayira ndi foni yawo, za bodza la kwa kalipentala, za theka la ola katatu patsiku, ndi chifukwa chimene galuyo sankayenera kudya ali wowerama. Anawauzanso chimene chinamutseka pakamwa pafoni paja. Ananena akuyang'ana pansi, akudikira kuseka kapena kudabwa.

Amake Ipyana sanaseke. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo ake a Ipyana atafa ziwalo, ine ndinawadyetsa ndi sipuni zaka ziwiri," anatero. "Kuwakhazika, kuwatsamiritsa, kudikira kuti ameze. Kyala, Mulungu wanga, ndi mboni. Imbwa ikanandikanika ine, Sista? Mukanangondiuza."

Mawu amenewo anali oona, ndipo Zione ankadziwa kuti adzakhala nawo moyo wake wonse.

Mayiwo anafotokoza kuti Lachiwiri lija anapirira tsiku lonse, akumva kulirako. Lachitatu m'mawa galuyo anali atasiya kuuwa, akungolira ngati kamwana, lilime lili panja. Iwo anali ataphika mpunga woyamba wa chaka chino, ndipo kwawo mpunga woyamba sudyedwa pakhomo pali wina wanjala. Anaganiza kuti Sista akakwiya akwiye, bola galu akhale moyo. Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana Zione m'maso.

"Ndiuzeni zoona. Ndi mpunga wanga wamupha?"

Pantchito yake Zione anali atauzapo anthu ambiri kuti inali nthawi yake, kuti palibe akanachitapo kanthu. Mawu amenewo ankatuluka okha pakamwa pake. Koma tsiku limenelo anakanika, chifukwa mayi amene anali pambali pakeyo anali atanamizidwa kale mokwanira.

"Mpunga unalowa m'mapapo," anatero. "Koma wolakwa si inu. Inu munamva kulira, ine ndinakubisirani chifukwa chake."

Kumsewu kunadutsa ngolo ya ng'ombe yodzaza matumba, woyendetsa akuimba mluzu. Zione anali ndi funso limene ankaopa kufunsa, koma linamukakamiza. Miyezi isanu ndi iwiri yonseyo Tsabola anali asanadyeko ngati galu, mphuno ili m'mbale, mwini wake akudzisankhira kukula kwa nthongo. Ankangolandira timibulu kuchokera m'dzanja, kamodzikamodzi, atapanikizidwa ndi matabwa.

"Amake Ipyana," anatero Zione. "Anadya bwanji?"

Mayiwo anazengereza, osadziwa ngati yankho lipweteka kapena litonthoza. Kenako ananena zimene anaona.

"Anadya chomene, Sista. Mchira sunaime. Anamaliza mbale yonse, ananyambita mpaka kuigubuduza, kenako anabwera kudzandinyambita mapazi."

Zione anagwedeza mutu kangapo. Anafuna kunena kuti zikomo, koma anangogwira dzanja lokakala la mayiwo n'kulifinya. Amake Ipyana sanalichotse. Anakhala naye pakhondepo mpaka anthu akumunda anayamba kubwerera, ndipo odutsa akafunsa kuti kwagwanji, iwo ankawayankha m'Chinkhonde, mwachidule, osaseka, kuti kwa Sista kuli maliro.